Ana Athu Akudikira Gawo Lotsatira

Sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu mudabwa kuiona pa tsamba la amayi, nkhani ya kanema. Ndikupemphani kuti musafulumire kutembenuza pepala, pakuti chimene chalowa m'mitima ya ana athu chalowanso m'nyumba zathu, tifune tisafune.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Lachitatu lapitali, titatsiriza msonkhano wa gulu lathu, mayi wina adadandaula kuti kunyumba kwake kwasowa mtendere. Anyamata ake awiri akhala akukangana za munthu wina wotchedwa Iron Man, wina akuti adzauka, wina akuti sadzauka, mpaka nsima kuzizira m'mbale. Mayiyo adatifunsa kuti, “Kodi amayi, Iron Man ameneyu kwawo nkuti, ndipo ndi mbale wa yani kuti ana anga azisiya kudya chifukwa cha iye?” Tonse tidaseka. Ine ndidaseka nawo, koma mumtima ndidakumbuka chaka cha 2018, pamene nanenso ndidafunsapo funso lotere.

Palibe munthu wa kuno amene waiwala chaka chimenecho. Nyanja yathu ya Chilwa, imene ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, idaphwa monga idachitira mu 1968 ndi mu 1995. Pa doko la Kachulu mabwato adagona pa matope ong'ambika, makoka adapachikidwa, mathandala athu oyanikapo matemba adangokhala opanda kanthu, ndipo abambo ambiri adapita kutali kukafuna maganyu. Tsiku lina madzulo, m'nyengo yomweyo, mwana wanga wamwamuna, amene panthawiyo adali mu Sitandade 5, adafika pakhomo misozi ili mbwembwembwe. Ndidayesa kuti wamenyedwa kapena walumidwa ndi njoka. Nditamufunsa adangoti, “Amayi, Black Panther wafa, ndipo ena onse asanduka fumbi.” Ndidamukalipira kwambiri. Ndidati m'nyumba mulibe ufa, iwe ukulira maliro a anthu osawadziwa? Iye adagona osadya, ndipo ine tulo sitidabwere. M'mawa mwake ndidaganiza zokadzionera ndekha chinthu chimene chidaliza mwana amene sadalire ngakhale tsiku limene adadzitema ndi khasu.

Amayi ambiri a msinkhu wanga sadalowemo m'nyumba zoonetsera kanema za pa malo a malonda, choncho ndiloleni ndifotokoze. Ndi kanyumba ka mdima, kotchinga ndi mphasa ndi matumba, kokhala ndi mabenchi ndi wailesi ya kanema imodzi kutsogolo, ndipo kunja kumalira jenereta. Makanema amabwera kuchokera ku tauni atamasuliridwa kale. Mawu a Chingerezi amatsitsidwa, ndipo pamwamba pake pamamveka mnyamata wolankhula Chichewa, amene amamasulira zonse, naonjezamo nthabwala zake ndi maina a malo a kwathu kuno. Nditalowa, anyamata adasuntha nandipatsa malo mwaulemu, ngakhale ena ankatsinana ndi kunong'onezana.

Kanemayo dzina lake ndi Avengers: Infinity War, wopangidwa ndi kampani ya Marvel Studios ya ku America, ndipo adatuluka mu Epulo 2018. Ndi wachitatu pa makanema onena za gulu la ngwazi lotchedwa Avengers. Woyamba adatuluka mu 2012, wachiwiri mu 2015. Poyamba gululi lidali ndi ngwazi zisanu ndi imodzi: Iron Man, munthu wachuma wovala zachitsulo, Captain America, msilikali wa chishango, Thor, mwini nyundo ndi mphezi, Hulk, chimunthu chobiriwira chaukali, Hawkeye, wa uta ndi mivi, ndi mkazi mmodzi yekha, kazitape wotchedwa Black Widow. Pambuyo pake padaonjezeka ena ambiri, ndipo mwa iwo ana a kuno adakonda koposa Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la mu Afirika lotchedwa Wakanda.

Mdani wao m'kanemayu ndi chimphona chotchedwa Thanos. Iyeyu sankafuna golide kapena ufumu ai. Maganizo ake adali akuti zamoyo zachuluka ndipo chakudya chachepa, choncho mankhwala ake ndi kuchotsa theka la anthu kuti otsalawo akhute. Kuti achite zimenezi adafunika kusonkhanitsa miyala isanu ndi umodzi ya mphamvu, naiika pa chovala chachitsulo cha kudzanja. Ngwazi zija zidalimbana naye zili zomwazikana, zina uku zina uko, popeza zidali zitayambana kale, ndipo nkhondo yotsiriza idachitikira ku Wakanda. Tonse tidakhala tikudikira kuti abwino apambane monga zimakhalira nthawi zonse. Koma Thanos adapeza miyala yonse, adaliza zala kamodzi kokha, ndipo anthu adayamba kusanduka fumbi. Black Panther adasungunuka pamaso pa Okoye, mkazi wotsogolera asilikali ake. Kanema adathera pomwepo, chimphona chija chitakhala phee kuyang'ana dzuwa.

M'kanyumbamo mudati zii. Kenaka phokoso lidabuka. Ena adati mwini malo wadula kanema kuti asawononge mafuta, ndipo abweze ndalama zao. Ana ozindikira adakana kutuluka mpaka maina onse a opanga kanema atatha kuyenda, chifukwa ankadziwa kuti kumapeto kwenikweni kumakhala kachidutswa kosonyeza zimene zikubwera. Mwini malo adangokweza manja nati, “Abale anga, dikirani gawo lotsatira, ine sindine ndapha anthuwa.” Ndidamva pambuyo pake kuti ngakhale ku maiko akutali anthu akuluakulu adatuluka m'nyumba za kanema ali chete, ena akupukuta misozi. Apo ndidadziwa kuti ndidamulakwira mwana wanga.

Koma chimene chidandikhalira mumtima ndi mkangano umene udabuka panja. Bambo wina, msodzi amene bwato lake lidali pa matope, adanena mokweza kuti, “Thanos sadalakwe. Taonani nyanjayi. Asodzi tachuluka, ana achuluka, nsomba zatha. Tikadakhala ochepa bwenzi tonse tikudya.” Amuna angapo adavomera. Pamenepo kamtsikana kena ka zaka ngati khumi, kamene kadabereka mlongo wake kumbuyo, kadafunsa mwamanyazi kuti, “Nanga ngati miyalayo imatha kuchita chilichonse, bwanji sadachulukitse chimanga?” Palibe amene adakayankha. Bambo uja adangotsokomola nachoka.

Amayi anzanga, masamu a Thanos si a m'kanema mokha. Timawadziwa bwino kuno kunyanja. Njala ikafika, m'nyumba mumayamba kuwerengedwa pakamwa, ndipo pakamwa poyamba kuchotsedwa pamakhala pa mwana wamkazi. M'kanemamo muli malo amene Thanos adauzidwa kuti sangalandire mwala wina pokhapokha atapereka chimene amachikonda. Iye adagwira Gamora, mwana wamkazi amene adamulera yekha, namuponya kuphompho, misozi ikutsika m'masaya mwake. Ndidaona zimenezi ndi mtima wolemera, pakuti mlungu womwewo mnzathu wina wa m'gulu adali atandiuza, nayenso akulira, kuti akuganiza zopereka mwana wake wa zaka 15 kwa bambo wina wogula nsomba, kuti ang'onoang'ono atatu otsalawo apulumuke. Sindikumuweruza mayi ameneyu ai. Amene sadagonepo ndi njala pamodzi ndi ana sangadziwe kumene maganizo a kholo amafika. Komabe lamulo la maukwati la chaka cha 2015, ndiponso malamulo aakulu a dziko lino monga adakonzedwera mu 2017, amaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ngakhale lamulolo padakapanda, funso la kamtsikana kaja likadaimabe.

Tidakhala pansi monga gulu. Tidalibe miyala ya mphamvu, koma tidali amayi oposa makumi awiri. Tidagwirizana kuti aliyense azibweretsa kambale ka ufa Loweruka lililonse, ndipo ku banki m'khonde yathu tidamubwereka mnzathuyo ndalama pang'ono yoyambira malonda a zitumbuwa ndi mpunga. Awiri a ife tidapita kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi aakulu. Mwanayo adakhalabe pa sukulu. Koma ndinene zoona zonse: padali mtsikana winanso wa m'mudzi woyandikana nafe amene tidamva nkhani yake mochedwa, atapita kale. Ameneyo sitidamupulumutse, ndipo mpaka lero ndikadutsa pakhomo pa mai ake ndimayenda chowerama.

M'menemo ana adali pa ntchito yodikira. Chaka chathunthu nkhani idali imodzi pa mjigo, pa njira ya kusukulu ndi pa doko louma lija. Wina ankati onse adzabwerera, wina ankati afa basi, wina ankati kudzabwera ngwazi ina yaikazi yoposa onse. Zivundikiro za mapoto athu zidasanduka zishango, zitsononkho zobaya pa mtengo zidasanduka nyundo za Thor, ndipo ana ankapatsana moni popingasa manja pachifuwa monga a ku Wakanda. Poyamba zidandinyansa, koma m'kupita kwa masiku ndidaona kuti m'chaka chimene akulu tidataya mtima, ana athu adali ndi chinthu choyembekezera. Mwana wanga ankanena motsimikiza kuti nkhani singathere pamenepo. Ine ndikayang'ana matope aja ndinkalakalaka nditakhala ndi chikhulupiriro chonga chake.

Mu Malichi 2019 kudagwa chimvula choopsa, chija chidadza ndi namondwe wa Idai. Chidagwetsa nyumba ndi kukokolola mbewu m'chigawo chino cha kum'mwera, ndipo ambiri adalira, komanso mitsinje idadzaza ndipo madzi adabwerera m'nyanja. Mwezi wotsatira, mu Epulo, kudatuluka gawo lija ana ankadikira, lotchedwa Avengers: Endgame, lotalika maola atatu. Litafika kuno sindidadikire kuitanidwa. Ndidatenga amayi anzanga anayi, ndipo tidakhala pa benchi ya kutsogolo.

M'kanemayu papita zaka zisanu chichitikire tsoka lija, ndipo otsala aja abalalika. Thor wagwa mphwayi, wangokhalira mowa mpaka kutuluka chimimba, ndipo apa amayi anzanga adagwedeza mitu, poti amuna otere tidawaona ndi maso athu nyanja itaphwa. Iron Man wadzipatula ndi banja lake. Amene adatsala pa malo a gulu, kumaitanitsa misonkhano, kumafunsa uyu ali kuti, uyo zikumuyendera bwanji, adali mkazi uja Black Widow. Amayi amene mumatsogolera magulu mukuidziwa ntchito imeneyi, yosaoneka ndi yosayamikidwa. Pang'ono ndi pang'ono adabwererana, nakhululukirana, nagawana ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pamene onse aja adasanduka fumbi adatulukiranso, Black Panther ali patsogolo pamodzi ndi Okoye ndi mlongo wake Shuri, kanyumba kaja kadatsala pang'ono kugwa. Anyamata adakwera pa mabenchi, ndipo mnzanga wina adaimba nthungululu ngati pa ukwati.

Chimene ndidatolapo ine ndi chakuti obwerera aja adabwezedwa ndi otsala. Ndi mmenenso nyanja yathu imachitira. Makolo athu adaziona, ndipo alangizi a za nsomba amanena chimodzimodzi, kuti madzi akaphwa nsomba zochepa zimabisala m'maiwe a mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo milamba imapirira m'matope a m'madambo. Madzi akabwerera, zotsala zomwezo ndizo zimaswana mpaka matemba ndi makumba kudzazanso nyanja. Nchifukwa chake amene athira katupe m'dziwe m'chaka cha chilala sapha ndiwo za tsiku limodzi, amapha za zaka zam'tsogolo. Mwana wamkazi amene tamusunga pa sukulu m'chaka cha njala ali ngati nsomba ya m'dziwe imeneyo.

Komatu si onse adabwerera. Iron Man adafa populumutsa anzake, ndipo adamuchitira maliro aakulu, ngwazi zonse zitaima pamzere. Black Widow nayenso adapereka moyo wake kuti mwala umodzi upezeke, koma iye sadamuchitire mwambo wotere. Potuluka, atsikana ndiwo adayamba kufunsa kuti, “Bwanji mkaziyo sadamulire monga adalirira mwamunayo?” Anyamata adati zimenezo nzazing'ono. Ine ndidaima kumbali ya atsikana, ndipo ndidamva kuti okonda kanemayu ku maiko ena adadandaula chimodzimodzi. Ndidakondwa kuona kuti ana athu aakazi ali ndi maso oona zotere, chifukwa adzakumana nazo m'moyo.

Chaka chotsatira ana adaphunzira phunziro lowawa koposa. Pa 28 Ogasiti 2020 Chadwick Boseman, bambo amene ankasewera ngati Black Panther, adamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43, atadwala zaka zinayi mosauza anthu ambiri, uku akugwirabe ntchito. Mwana wanga adandifunsa ngati adzabwererenso m'gawo lina. Ndidakhala naye pansi ndi kumuuza kuti imfa yeniyeni ilibe gawo lachiwiri pansi pano. Opanga kanema sadaike munthu wina m'malo mwake. Mu 2022 adatulutsa Black Panther: Wakanda Forever, mmene mlongo wake Shuri ndiye adatenga udindo wa ngwaziyo. Mwina ena simudziwa kuti m'makanema awiri a Wakanda mudali mayi wa magazi a kuno kwathu, Connie Chiume, amene adasewera ngati mmodzi wa akuluakulu a ku bwalo la mfumu. Adabadwira ku South Africa, koma bambo ake adali a ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, ndipo adamwalira ku Johannesburg mu Ogasiti 2024. Danai Gurira, amene amasewera ngati Okoye, adakulira ku Zimbabwe. Muwauze atsikana anu zimenezi.

Tsono tibwerere kwa anyamata awiri a mnzathu uja. Chimene chautsa mkangano wao ndi chakuti mu Julayi 2024, pa msonkhano wa okonda makanema otere ku San Diego, kudalengezedwa kuti Robert Downey Jr., bambo amene ankasewera ngati Iron Man, adzaonekanso m'kanema wina wotchedwa Avengers: Doomsday, koma ulendo uno ngati mdani, dzina lake Doctor Doom. Wamkulu akuti ndiye kuti Iron Man wauka ndipo wasanduka woipa. Wamng'ono akuti ai, ndi munthu wina wa nkhope yofanana, Iron Man sangapandukire anzake. Ndafunsa ana ena chimene akuyembekeza. Anyamata akufuna nkhondo yoposa yapitayo ndiponso kuti Thor ndi Hulk ayesane mphamvu. Atsikana akufuna Shuri ndi Okoye atsogolere gulu. Kamnyamata kena kadati kakufuna ngwazi yochokera ku Malawi, yoyenda pa bwato, ndipo anzake atakaseka kadaumirira kuti kadzaijambula kokha.

Tisaiwale kuti opanga makanemawa ndi amalonda. Endgame yekha adabweretsa madola a ku America oposa 2.7 biliyoni. Amadziwa kusiya nkhani pakati kuti wogula abwerenso, monga momwe ife timaikira basela pa mulu wa matemba. Palibe choipa pamenepo, malinga ngati kholo lili maso. Choncho malangizo anga ndi awa. Choyamba, mwana asapezeke ku kanema nthawi ya sukulu kapena usiku, ndipo amfumu ndi makomiti a sukulu atithandize kuuza eni malowa. Chachiwiri, dziwani chimene chikuonetsedwa, pakuti nyumba zina zimaonetsa zolaula ndi zankhanza zosayenera ana. Chachitatu, ndalama yolowera ichokere m'dzanja lanu, mwana asaphunzire kutola ya ndiwo kapena kuba nsomba pa thandala. Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, akabwera mufunseni kuti akufotokozereni zimene waona, ndani adalakwa, ndani adachita bwino, iye akadatani. Kale agogo athu ankatiphunzitsa ndi nthano za Kalulu ndi Fisi pa moto madzulo, ndipo nthano ikatha pankakhala mafunso. Nthano za ana athu zasamukira m'kanyumba ka jenereta, koma mafunso aja akadali ntchito yathu.

Mwina mufunsa kuti nanga ine ndikuyembekeza chiyani m'gawo lotsatira. Za Doctor Doom ndawasiyira ana. Changa ndi ichi: nyanja yathu idaphwapo kangapo ndipo idzaphwanso, tsiku lake sitilidziwa. Ikadzatero, mawu a bambo uja wa pa khomo la kanema adzamvekanso m'nyumba zathu, ndipo pakamwa padzayambanso kuwerengedwa. Ndikufuna tsiku limenelo lidzapeze magulu athu ali amoyo, mabuku a banki m'khonde ali olongosoka, ndipo tikudziwa dzina la mtsikana aliyense wa m'midzi yathu amene ali pa sukulu, kuti tisadzamvenso mochedwa. Mtsikana tidamusunga uja adalemba mayeso a Fomu 4, ndipo lero ndiye amatilembera mabuku a gulu.

Mayi wa anyamata awiri uja ndamulonjeza kuti kanemayo akadzafika kuno tidzapita limodzi, ana ake atakhala wina kumanja wina kumanzere, kuti tikaone amene adalondola. Inunso amayi, ngati ana anu ali ndi maganizo pa nkhaniyi, tilembereni kudzera kwa Mkonzi. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.